Kulima ndiwo zokapereka kumene amaphikira ana muno mu Lusaka

Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi pamakhala wina wondigwira mkono. "Amayi, kuseri kwa nyumba ndili ndi kamalo, ndikufuna ndizilima ndiwo zothandizira ana aja amadyera kusukulu. Ndiyambe ndi mbewu yanji?" Funso limeneli ndaliyankha pansi pa mtengo wa mango, pafoni, ngakhale m'minibasi ya ku Chelstone, mpaka pakamwa kuuma. Ndiye ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndikamati "kumene amaphikira" ndikunena malo onse osonkhanitsa chakudya n'kudyetsa osowa: masukulu a komyuniti a m'makomboni monga Ng'ombe, Kalingalinga, Mtendere ndi Chawama, magulu a amayi a mpingo ophikira ana amasiye, ndi nyumba zosamalira okalamba. Unga amaupeza mwa apo ndi apo. Wina abweretsa thumba la makilo 25, wina nyemba, wina soya. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi ndiwo zamasamba, chifukwa sizisungika ndipo zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku. Chilala chija cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinachulukitsa mbale pamzere, ndipo ofuna kuthandiza anachulukanso.

Za mbewu zili pa nambala 3, koma musalumphire kumeneko.

1. Khasu lidikire, pitani kaye mukacheze ndi ophika.

Ulendo wanga woyamba ndinadzaza wilibala ndi repu wonenepa, masamba ngati makutu a njovu, n'kumukankha mpaka pasukulu ina ya m'komboni mwathu. Linali Lachisanu, cha m'ma 14 koloko. Ndinapeza moto utazima, mapoto atatsukidwa kale n'kuvundikiridwa pathandala. Mlonda anandithokoza kwambiri, n'kukaunjika repu yense m'kalasi ya malata yopanda mawindo. Lolemba anali atasanduka wachikasu, wapansi akuchucha madzi onunkha. Miyezi iwiri ya kuthirira inathera kudzala.

Choncho mukapita, funsani izi: ana amene amadya ndi angati, amaphika masiku ati, moto amakoleza nthawi yanji, poto wa ndiwo ndi wamkulu bwanji, odula masamba ndi angati, ndipo patchuthi amaphika kapena amatseka. Funsaninso masamba amene ana amasiya m'mbale. Mafunsowa apite kwa amayi ogwira mthiko eni ake. A tcheyamani a komiti adzakuyankhani mwaulemu kuti chilichonse alandira ndi manja awiri, ndipo sanama, koma amene akudziwa kuti Lachiwiri ndi tsiku la nyemba ndi ophikawo.

Gwirizanani tsiku limodzi pa sabata. Limodzi basi. Sankhaninso malo oti mungafikeko wapansi, pa njinga kapena ndi wilibala. Ndiwo zokwera mabasi awiri kudutsa m'tauni zimafika zitafota, ndipo ndalama ya basi ikanagula ndiwo zomwezo kumsika wa Soweto.

2. Werengani madzi musanawerenge mabedi.

Mvula ya muno imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena kuchiyambi kwa Epulo. Miyezi yotsalayo dimba limakhala pa mapewa anu. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita asanu m'litali limamwa chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku m'nyengo yozizira, ndipo mu Okutobala limafuna ziwiri. Mabedi anayi mu Okutobala ndi malita 160 tsiku lililonse, kutanthauza kuti diramu ya malita 210 siyikwana masiku awiri. Ngati madzi mumagula pakiyosiki, kapena mumadalira pampu ya magetsi yomwe imagona magetsi akazima monga zinkachitikira mu 2024 madzi atatsika ku damu la Kariba, khalani pansi muwerenge bwino. Walira mvula walira matope. Kuli bwino mabedi awiri obiriwira kusiyana ndi asanu ndi limodzi ongolira ludzu.

Palinso nkhani ya madzi ake. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi. N'chifukwa chake zitsime zosaya za ku Kanyama, George ndi madera otere zimalandira zochokera m'zimbudzi zokumba. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, odwala akugonekedwa ku National Heroes Stadium, masukulu osatsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Madzi a m'ngalande, a mumtsinje wa Ngwerere umene umanyamula zonyansa za mumzinda, ndi a chitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi asafike pa ndiwo zodyetsa ana a eni. Madzi otsukuluzira zovala mutha kuthirira nawo nthochi kapena mapapaya pansi pa tsinde. Pa masamba ayi.

Ngati mukukhala pa lendi, pemphani alandilodi musanakumbe. Akakana, masaka akale a unga odzaza dothi ndi manyowa amamera repu ndi kalembula bwinobwino.

3. Sankhani mbewu motsata nyengo ndi poto.

Amene tinachokera kum'mawa, ku Katete, Chadiza kapena Chipata, tinapeza kuti ndiwo zathu zomwe zija kuno zili ndi maina ena. Nkhwani pamsika wa Lusaka ndi chibwabwa. Kholowa ndi kalembula. Bonongwe ndi bondwe, chigwada ndi katapa, ndipo ndiwo zotendera nsinjiro za nshawa ambiri amati visashi. Gwiritsani maina amene ophikawo amagwiritsa kuti musasemphane.

Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndi nthawi ya repu, chainizi, kabichi ndi anyezi. Woyamba kumene ayambe ndi repu, chifukwa mtengo umodzi umathyoledwa masabata ambiri pamene kabichi mumadula kamodzi n'kutha. Kutentha kukayamba mu Seputembala repu amagwidwa nsabwe ndipo amalimba. Apo pitani ku bondwe, impwa ndi therere. M'dzinja dzalani chibwabwa, kalembula ndi khobwe wothyola masamba, zomwe sizifuna mankhwala kapena chisamaliro chambiri. Mukapeza mbewu ya kandolo wofiira mkati, dzalani ameneyo: masamba ndi kalembula, pansi mukumba kandolo wokhala ndi vitamini A wambiri.

Anyezi ndimamukonda pa chifukwa chimodzi. Mukafesa mu Malichi kapena Epulo, mumakolola cha mu Seputembala, ndipo mukamuumitsa bwino pamthunzi mpaka khosi lake litauma amakhala miyezi. Ophika amagula anyezi tsiku lililonse ndi ndalama yomwe alibe.

Tomato musiyeni kaye chaka choyamba. Chifikireni kambozi ka Tuta absoluta m'dziko muno mu 2016, tomato amafuna kupopera pafupipafupi, ndipo pamwamba pake pali akangaude ofiira m'chilimwe ndi chiwawu m'dzinja. Alimi enieni a ku Chongwe ndi Chisamba amalimbana naye ndi ndalama zambiri. Inu mukufuna masamba a poto.

4. Konzani mabedi anayi ofanana.

Mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati osaponda, ndi mamita asanu m'litali. M'chilimwe bedi likhale lolowa pang'ono kuti madzi akhazikike, m'dzinja likwere kuti mizu isamire. Pewani malo amene panali dzala lotayapo mabatire ndi mapulasitiki owotchedwa.

Manyowa akhale owolerana, akuda, osanunkha. Zitosi za nkhuku zongochoka m'khola zimawotcha mbande ndipo zimanyamula tizilombo ta m'mimba. Ziunjikeni ndi udzu ndi masamba ouma, muzithirira ndi kutembenuza kwa miyezi itatu. Wilibala imodzi pa bedi imakwana. Amene ali ndi feteleza wa Compound D atha kuwaza pang'ono pokonza bedi n'kusakaniza ndi dothi. Ofuna kuphunzira za kompositi mozama, ku Kasisi Agricultural Training Centre kufupi ndi bwalo la ndege akhala akuphunzitsa ulimi wa manyowa kwa zaka zambiri. Ndipo mangani mpanda, ngakhale wa udzu. Nkhuku za aneba sizidziwa kuti ndiwozo ndi za ana amasiye.

5. Dzalani mosiyanitsa masabata, kuti tsiku lanu lisadzapite lopanda kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo malangizo a pa paketi ya mbewu sanenapo kanthu. Munthu amagula paketi, amafesa yonse tsiku limodzi, amawokera mabedi onse Loweruka limodzi. Pakapita mwezi dimba lonse lafika pothyola nthawi imodzi. Masabata atatu oyamba amanyamula ndiwo zoposa poto, mpaka ophika kugawira aneba. Ikafika sabata ya chisanu ndi chitatu masamba achepa ngati makutu a mbewa, bedi lililonse lakalamba, nazale mulibe kanthu. Ophika aja anali atasiya kale kugula ndiwo za Lachitatu podalira inu. Ana amadya nsima ndi msuzi wa soya, ndipo inu manyazi amakugwirani mpaka kuyamba kuzungulira njira ina.

Tiyeni tiwerenge kuchokera pa poto kubwerera m'mbuyo. Masamba akalowa pamoto amanyala kwambiri, mulu wodzaza beseni umatsala pansi pa poto. M'dimba langa, bedi limodzi limalowa mizere itatu ya repu, mbande zotalikirana masentimita 30, zonse pamodzi pafupifupi 48. Mtengo uliwonse umandipatsa masamba awiri kapena atatu akuluakulu pa sabata. Kumene ndimapereka amadyetsa ana 60, ndipo taona kuti zothyola pa mabedi awiri ndi zimene zimakwana chakudya chimodzi, mwana aliyense kuona ndiwo pambali pa nsima. Ndiye lamulo langa ndi lakuti sabata iliyonse mabedi awiri akhale akuthyoledwa.

Repu amakhala pa nazale masabata anayi. Mukawokera amafuna masabata ena anayi asanayambe kuthyoledwa, kenako amakupatsani masamba abwino kwa masabata pafupifupi asanu ndi atatu. Chitani chonchi. Tsiku loyamba fesani kanazale kakang'ono, kokwana bedi limodzi lokha, mbewu yosadzaza n'kachivundikiro ka botolo komwe. Pakatha masabata anayi wokerani bedi loyamba, ndipo tsiku lomwelo fesaninso kanazale kena. Masabata ena anayi, wokerani bedi lachiwiri, fesaninso. Muzipitiriza choncho. Pofika sabata ya 12 mudzaona kuti mabedi awiri akuthyoledwa ndipo lachitatu likukula. Pa sabata ya 16 bedi loyamba lakalamba, mukuzula, pamene lachinayi likulandira mbande.

Bedi lozulidwalo lili ndi mwezi umodzi lisanafunikenso. Thiranimo manyowa, wazani bondwe. M'masabata anayi amakhala atafika pozula, ndipo mwapeza ndiwo ina yosinthira pakamwa. Zimathandizanso dothi, chifukwa repu, chainizi ndi kabichi ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi, ndipo kuwabwereza pamalo amodzi chaka chonse kumaweta matendawo. Dzinja likafika mabedi onse apume ku banja limeneli.

Chovuta pa zonsezi ndi mtima. Kuona mabedi atatu ali mbee, limodzi lokha lili ndi mbande, kumakhala ngati ulesi, ndipo odutsa amafunsa. Alekeni afunse. China chovuta ndi kukumbukira kufesa pamene dimba likuoneka bwino, chifukwa nthawi imeneyo palibe chokukumbutsani. Ine ndinalemba masiku ofesa pa kalendala ya kukhitchini ndi cholembera chofiira, ndipo mdzukulu wanga ndiye wapolisi wake. M'mera m'poyamba: mukaphonya nazale imodzi, dzenje lake lidzaonekera patatha miyezi iwiri, pamene simungachitenso kanthu.

Kalendala ya sukulu iloweponso. Masukulu a muno amatseka cha mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Ngati mukufuna ndiwo zoyamba zifike teremu yachiwiri ikamatsegulidwa mu Meyi, nazale yoyamba ifesedwe pakati pa Malichi. Ndipo ophika muwauze zoona kuyambira pachiyambi: "Amayi, ndiyamba kubweretsa pakatha miyezi iwiri, mwezi woyamba zidzakhala zochepa." Musalonjeze tsiku lachiwiri pa sabata musanakwanitse loyamba kwa teremu yathunthu.

6. Tizilombo muzitiona m'mawa uliwonse, mankhwala akhale omalizira.

Tembenuzani masamba. Nsabwe zimayamba kunsi kwa tsamba ndi pa msonga, zotuwa ngati phulusa. Zikadali zochepa zifikiseni ndi zala, kapena tsukani ndi madzi a sopo pang'ono madzulo. Timbozi tobiriwira toboola masamba tolani ndi manja. Mukapeza mbande yadulidwa pakhosi usiku, fukulani pafupi ndi tsinde, mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Phimbirani mabedi ndi udzu wouma, chifukwa repu wa ludzu ndi amene nsabwe zimamukonda.

Mukafika popopera, werengani botolo. Pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchoka tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Masiku amenewo sakambirana. Mankhwala ogulidwa m'kabotolo kopanda dzina pamsika, kapena otsala a thonje ochokera kumudzi, asayandikire dimba limeneli. Apa mabedi osiyana misinkhu amathandizanso: mutha kupopera bedi lomwe likukula n'kumathyola ena. Ngati mwapopera bedi lothyola, sabata imeneyo musapereke za pamenepo, ngakhale zikuoneka zokongola bwanji. Pabanja panu mukadwala ndinu asanu. Uko ndi ana 60 tsiku limodzi, ena a iwo ofooka kale m'thupi.

7. Thyolani m'mamawa wa tsiku lophika.

Dzuwa lisanatuluke bwino, masamba akadali ndi mame. Thyolani akunsi akuluakulu, siyani anayi kapena asanu a pamsonga kuti mtengo upitirize. Sambani m'manja kaye. Ikani m'dengu kapena m'kireti, pamwamba saka yonyowetsedwa ndi madzi oyera. Thumba la pulasitiki lomangidwa limaphika ndiwo musanafike. Zikafike moto usanakolezedwe, kwa ife ndi isanakwane 8 koloko.

Sankhani kunyumba. Achikasu, obooka kwambiri ndi a nsabwe apite kukompositi kapena kwa akalulu. Zimene simungaikire apongozi anu musapereke.

Chibwabwa chili ndi nkhani yake. N'chokoma, ana amachikonda, koma chimafuna kusadzula, kuchotsa mitsitsi ija tsamba ndi tsamba. Amayi awiri odzipereka sangasadzule chibwabwa cha ana 60 kwinaku akuvundula nsima ya mphika waukulu. Tsiku la chibwabwa sadzulani kunyumba ndi ana anu madzulo a dzulo lake, kapena khalani nawo pamphasa ola limodzi muthandize. Pamphasapo ndi pamene ndinamva kuti therere ana aang'ono amalikana likachuluka soda, ndi kuti impwa amadya ndi akuluakulu okha.

8. Zochuluka ndi za patchuthi, futsani.

Mu Ogasiti sukulu imatseka pamene repu ali pachimake. Mu Febuluwale khobwe ndi chibwabwa zimachuluka paliponse. Musataye. Mfutso ndi masamba owiritsidwa pang'ono n'kuumitsidwa. Dulani, viikani m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi zochepa, tsanulani, yanikani pamphasa yoyera pathandala pomwe pali mphepo, kutali ndi fumbi ndi nkhuku. Pamthunzi zimasunga mtundu kuposa padzuwa la phwee. Zikamathetheka m'manja zauma. Agogo athu ankasunga m'chikwatu, mpukutu wa masamba a msuku womangidwa ndi luzi n'kupachikidwa kudenga. Ife ndowa ya chivundikiro imatikwanira. Masamba a khobwe ndi a nyemba ndiwo amafutsika bwino koposa. Mfutso umenewu udzakupulumutsani mu Okutobala ndi Novembala, madzi akavuta, ndipo mukawonjezapo kapu ziwiri za nsinjiro ophika adzakuvinirani.

9. Pokapereka, ndi tsiku limene zakanika.

Khalani ndi kakope. Lembani tsiku, mtundu wa ndiwo, madengu angati, ndi amene walandira. Kakopeka kamakuuzani chaka chamawa mwezi umene munaperewera, ndipo kamatseka pakamwa pa okonda kunena. Nkhani ya zotsala ikambidwe poyera. Ophika ambiri salandira malipiro, amasiya ntchito zawo kudzaima pa utsi wa malasha m'mawa wonse. Ine ndimamanga kamtolo kapadera ka aliyense wa iwo n'kupereka pamaso pa onse, kuti pasadzapezeke wonena kuti amayi aja amabisa ndiwo m'chitenje.

Foni ikhale m'thumba. Ana a eni ali ndi mbale m'manja si ojambula n'kuika pa Facebook. Mukafuna chithunzi, jambulani repu.

Tsiku lokanika lidzafika ndithu. Maliro kumudzi, pampu kuwonongeka, mbuzi kuthyola mpanda. Mukangodziwa, imbani foni, masiku awiri tsikulo lisanafike ngati n'kotheka, kuti ophika apeze pogwira. Ndi bwinonso kukhala awiri kapena atatu olima mosinthana, wina akagwa mnzake anyamule dengu. Mwezi wa Juni wapitawu ndinapita kumaliro ku Katete mwadzidzidzi, ndipo ndili m'basi cha ku Luangwa ndinakumbukira kuti mawa ndi Lachitatu. Ndinaimbira mnzanga wa kumpingo amene amalima kuseri kwa nyumba yake ku Kaunda Square. "Musadandaule asisi," anatero, "chainizi changa chafika, koma kiyi wa geti lanu mwasiya kuti? Nazale yanu ija ikufuna madzi."